Tsaya la Mdzukulu Wanga ndi Mlandu wa ku Kasinje

Tsiku limenelo pansi pa mtengo wa mango panali anthu awa. Panali ine, nditatsika kuchokera ku Biriwiri ndi jekete langa la ku migodi. Panali mayi a kunyumba kwanga, amene ntchito yawo pamilandu ndi kukoka jeketelo ndikayamba kukweza mawu. Panali mwana wanga wachisamba, atangofika kuchokera ku Joni kumene amamanga nyumba za eni ake. Panali mkazi wake, mpongozi wanga. Panali mayi a mpongoziyo, asewere anga, mayi wamfupi amene amayankhula pang'onopang'ono ngati akusankha miyala mu mpunga. Panali mlongo wake wa mpongozi wanga, malume wa ana, amene kumeneko amamutchula kuti mwini mbumba ngakhale ndevu zake n'zoti ungaziwerenge. Panali mkulu wa mpingo, Baibulo lili m'khwapa. Ndiye panali mwini nkhani, mdzukulu wanga wamkazi wa sitandade fili, atakhala pamphasa, tsaya lakumanzere litatupa ngati wabisa dzira m'kamwa.

Mayina sinditchula, eni ake akudzidziwa. Komanso sukulu ine sindinapite nayo patali, kulemba ndinachita kutolera ku migodi. Mukaona mawu ena apendama musadabwe, nkhaniyo ndiye ndi yowongoka.

Mwana wangayu anakwatira kuchigwa, kufupi ndi Kasinje, kwa anthu olima mpunga. Ndinamuuza kuti ife aNgoni mkazi timabwera naye kwathu. Iye anati madzi othirira ali kumeneko, kwathu kuli miyala ndi kabichi. Anakakhala chikamwini, ndipo ana amene anabereka anasanduka a eni mudzi. Ine agogo awo ndikafika kumeneko amandiyalira mphasa ngati mlendo wodzagula mpunga.

Kutupako kunayamba mwakachetechete. Dzino lam'mbali linaguluka monga amachitira ana onse, koma lina silinamerepo. Patapita miyezi, pansi pa tsaya panayamba kukwera. Sipankapweteka. Mwana ankadya, ankasewera phada ndi anzake. Ukapagwira panali gwa ngati fupa. Ena anati ndi matsagwidi, koma matsagwidi sakhala pamunthu dzinja lonse. Ena anati ndi chithupsa, tidikire chipse. Sichinapse. Mayi wake anapita naye ku chipatala chaching'ono cha kumeneko, adokotala anagwiragwira, anasuzumira m'kamwa, n'kunena kuti mwanayu apite ku boma akamujambule fupa, ndipo asachedwe.

Apa m'pamene asewere anga analowerera. Iwo anati matendawa safuna kujambula, akuoneka okha. Mwana watupa tsaya, bambo wake ali ku Joni, ndiye tifunsenso chiyani? Wamusempha.

Kwa inu amene munakulira m'tauni, nkhani yake ndi iyi. Amati bambo akayenda ndi mkazi wina kunjaku, mwana kunyumba amatupa, ndipo matendawo ndi tsempho. Amatinso mwana wa tsempho ukamubayitsa jakisoni asanamwe mankhwala akumudzi, wamupha wekha. Mankhwalawo nawo sagwira mpaka bambo avomere ndi pakamwa pake, athire mchere mumphikamo ndi dzanja lake. Choncho asewere analamula kuti mwana sachoka pamudzi mpaka bambo wake avomere. Malume anamuimbira foni mlamu wake kuti akwere basi. Ine uthenga unandipeza ndikupalira mbatatesi, ndipo khasu ndinalisiya pamzere pomwepo.

Mkulu wa mpingo anatsegula ndi pemphero lalitali moti mthunzi wa mango unasuntha. Atati ameni anayamba ndi iye yemwe.

"Ife a mpingo za tsempho sitizidziwa, ndipo sitiziphunzitsa. Koma poti mwana watupa, ndi bwino wolakwa aulule."

Malume anatembenukira kwa mwana wanga, mawu ake ofewa ngati akupempha moto.

"Alamu, pano palibe akukuzengani mlandu. Ku Joni n'kutali, ndiponso tikumva kuti kumazizira. Tonsefe ndife amuna. Ingotithandizani, mwana apepukidwe."

"Palibe chimene ndinachita, alamu," anatero mwana wanga. Iye mawu ake ndi a kwa amake, umachita kutchera khutu.

"Tayesani kukumbukira," anatero malume. "Zina munthu amaiwala."

Apo ndinaimirira. Ndinawauza kuti tsempho lilipo, ine sindikukana, ndinaliona ndi maso anga kwa anthu ena. Koma choyamba, limagwira makanda, osati mtsikana amene akutha kuwerengera amake kalata ya ku chipatala. Chachiwiri, likadakhala kuti limagwira mwana aliyense amene bambo wake ali ku Joni, bwenzi ana onse a mu Ntcheu muno akuyenda ndi masaya ngati maungu. Kuyambira ku Biriwiri mpaka ku Kandeu, ndi nyumba iti imene mwamuna wake sanawolokepo? Mkulu wa mpingo anayamba kufunafuna vesi. Nayenso anakhalako ku mafamu a kumeneko ali mnyamata.

"Ineyo ndinakhala ku migodi mpaka imvi zinayamba," ndinatero. "Ana anga ndi awo. Ndani anatupapo?"

"Ndinkawamwetseratu," anatero mayi a kunyumba kwanga, maso ali pansi.

Anthu anaseka, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Ndinapitiriza kuti magazi a kwathu savomera chimene sanachite. Dzina la munthu si malaya oti ungachape ku mjigo. Mwana wanga akavomera pano, mawa ku msika wa Kasinje adzakhala akumuloza ndi milomo, mkuja nkhani yafika ku Biriwiri, ndipo ine ndidzayenda bwanji?

Asewere anadikira mpaka nditatha.

"Asewere, mawu anu ndi aakulu, a kumunda nawonso amva. Koma tsayali silinamve. Taonani, lili pomwepo."

"Amayi, adokotala anati tisachedwe," anatero mpongozi wanga.

"Adokotalawo mwanayu anabereka ndi iwo? Akamubaya n'kufa, adzabwera kudzakumba manda?"

Mwana wanga anandiyandikira n'kuyamba kuti, "Bambo, mwanayutu..." Ndinamudula. Ndinati iwe khala chete, pano pali akuluakulu. Ukadzangovomera bodza, pakhomo panga usadzapondepo. Kenaka ndinalengeza kuti ine pamudzi pano sindichoka mpaka mdzukulu wanga atakwera galimoto ya ku boma. Msonkhano unathera pamenepo, wina osagonja, wina osagonja.

Ndinakhaladi. Anthu a kuchigwa ndi aulemu, chakudya sanandimane, kungoti chakudya chake ndi mpunga m'mawa, mpunga masana, chinthu choti ukangodzuka pamphasa njala yakupeza kale. M'mawa uliwonse ndinkakhala pakhonde n'kumafotokoza nkhaniyi kwa aliyense wodutsa. Amayi opita ku mjigo anaimva. Wogulitsa usipa panjinga anaimva kawiri, ulendo wachitatu anadzera kuseri. Ndinkaonetsetsa kuti mawu akufika kukhitchini kwa asewere.

Mdzukulu wanga ndiye ankakhala nane, chifukwa kusukulu anali atasiya, anzake ankamufunsa kuti wabisa chiyani ugawireko anzako. Ine ndimamuitana kuti mkazi wanga, monga timachitira agogo. Tsiku lina akudya ndinaona kuti akutafunira mbali imodzi. Ndinati tayasamula mkazi wanga. Mano a pafupi ndi chotupacho anali atayamba kupendama ngati mpanda wodyedwa ndi chiswe.

"Agogo, kodi ndi zoona kuti akandibaya jakisoni ndifa?"

"Wanena ndani?"

"Aliyense."

"Ine ku migodi anandibaya mpaka thako linachita zipsera, si ndili pano ndikudya mpunga wa agogo akowa?"

Anaseka ndi mbali imodzi ya nkhope. Ine sindinaseke. Chinthucho chinali chikukula, ndipo ife akuluakulu tinali tikungoyang'anana.

Tsiku lina m'mawa asewere, malume, mwana wanga ndi mkazi wake ananyamuka kuti akukaona ngalande ya kumunda, ndipo anatenga ndi mwana yemwe kuti akaingitse mbalame. Ndinati ndipite nawo ndikawaonetse mmene amakumbira ngalande anthu odziwa. Mayi a kunyumba kwanga anati mukhale, thobwa ili. Kenaka anandifunsa kuti ndiwafotokozere mmene tinkatsikira pansi pa mgodi. Chikwatirane sanandifunsepo zimenezo. Ndinawafotokozera bwinobwino, kuyambira pa chikepe mpaka pansi penipeni, moti pomwe ndimatuluka mumgodimo dzuwa linali pamutu ndipo akumunda aja anali atabwera.

Asewere anabwera pakhonde, anagwada mwaulemu.

"Asewere, mwana apite ku boma mawa."

Malume anagwira mwana wanga chanza ndi manja awiri. Madzulo anandiphera nkhuku. Ine sindine munthu wonyoza wogonja, ndinangoti mwachita bwino, munthu wanzeru amamva akauzidwa. Mumtima ndinati ndi zimenezo, madzi akagwera pamwala tsiku ndi tsiku mwala umabooka.

Ku boma tinapita anayi: mwana, makolo ake ndi ine. Tinakhala pamzere wa pabenchi, uja umati ukasuntha thako kamodzi wayenda ulendo. Anamujambula, ndipo adokotala atakweza chithunzicho pawindo anati izi n'za ku Lilongwe, kuli madokotala a mano ndi nsagwada. Anatipatsa chithunzicho mu envulopu yaikulu. Ndinanyamula ndine. Zinthu zofunika sapatsa ana.

Ku chipatala chachikulu tinapeza dokotala wake ndi mtsikana, msinkhu woti kwathu akadamutuma kukatunga madzi. Ndinafunsa kuti adokotala enieni abwera nthawi yanji. Anati ndi ine, agogo, khalani apa. Anajambulanso china chachikulu choonetsa nsagwada yonse, kenaka anatiitana kuti tione. Ndinaona mano ali ndandanda, pansi pake pali chimdima chozungulira, ndipo m'kati mwa chimdimacho muli dzino logona chagada.

Anatifotokozera kuti dzino lililonse likamakula m'fupa limakhala m'kathumba. Likatuluka kathumbako kamatha. Koma ili linakanika kutuluka, ndiye kathumba kanayamba kudzaza madzi n'kumakankha fupa pang'onopang'ono. N'chifukwa chake sichinkapweteka. Anati fupa mbali ina latsala lopyapyala ngati chigoba cha dzira, tikadapitiriza kudikira likadatha kuthyoka mwana akutafuna chimanga chokazinga.

"Ndiye si tsempho?" ndinafunsa.

"Agogo, ine ndinaphunzira za mano. Chimene ndikuona apa ndi dzino limene linasochera."

"Bambo wakeyu ali ndi mlandu kapena alibe?"

"Palibe amene ali ndi mlandu. Zimachitika kwa ana ena basi."

"Tabwerezani mokweza, amve ndi ali panjawo."

Anangomwetulira n'kupitiriza kulemba. Mwana wanga anali akuyang'ana nsapato zake. Ndinati mnyamatayu manyazi adzafa nawo, akumuyeretsa iye akuweramanso.

Kenaka dokotalayo anati zikuoneka kuti si khansa, koma maso okha sakwanira. Anabaya pamalopo kuti pachite dzanzi, anakoka madzi achikasu ngati tiyi wopanda mkaka, n'kudula kanyama kakang'ono kuti akakapime. Ndinayang'anitsitsa jakisoniyo akulowa, ndinayang'anitsitsa akutuluka. Mwana anangofinya nkhope, kenaka anapempha fanta. Ndinauza mpongozi wanga kuti zimenezi akawauze amake monga zachitikira, osachotsapo kanthu.

Zotsatira zinatenga masabata. Tinabwerera kumudzi kukadikira. Masiku amenewo, ndinene zoona, mawu anga anachepa. Ndinaonapo munthu wa khansa ya m'kamwa ku migodi, ndipo sindifuna kulemba mmene anathera. Ndinkapalira mbatatesi osadziwa kuti ndapalira mzere uti. Foni italira kuti si khansa, ndinapita kukauza mudzi wonse, ndi amene sankadziwa n'komwe kuti ndili ndi mdzukulu ku Kasinje.

Opaleshoni anapangira m'kamwa, kunja osacheka, moti lero ukamuona sungadziwe. Anamugoneka tulo, anapala thumba lonse, anachotsa ndi dzino losochera lija. Mayi wake ankagona pansi m'mbali mwa bedi. Ine ndinkagona kumalo a agadiyani, kumene munthu aliyense ndi dokotala. Wina anandiuza kuti fupa akachotsa amaikamo la mbuzi. Wina anati mwana sadzayankhulanso. Ndinawafunsa kuti munaliona liti fupa la mbuzi likulowa mu fiyeta, anati anamva kwa mlamu wawo. Amalawi tikadakhala kuti timachira ndi zomva kwa alamu, zipatala bwenzi zili nkhokwe za chimanga.

Mwana anadzuka, analira, anamwa phala lamadzimadzi masiku angapo, kenaka anayamba kufunsa za mandasi. Potitulutsa dokotala anati fupa la mwana limadzaza lokha pamene pali dzenje, koma tizibwera naye kudzajambula, chifukwa nthawi zina zoterezi zimabwerera. Ndinamugwira chanza n'kumuuza kuti akapitiriza choncho adzakhala dokotala wamkulu. Anati zikomo agogo.

Tsopano mwana anali atachira, koma dzina la mwana wanga linali likadali m'matope. Ine mlandu sindiusiya pakati. Tsaya litaphwa ndinatumiza uthenga ku Kasinje kuti onse amene analipo tsiku lija akhalenso pansi pa mango omwe aja. Mwana wanga anati bambo zisiyeni. Mayi a kunyumba anati zisiyeni. Ndinati anamunyoza pagulu, amupepese pagulu.

Anasonkhana, ndipo anabweranso ena amene sindinawaitane. Ndinatulutsa chithunzi mu envulopu, ndinachikweza kudzuwa monga anachitira adokotala, n'kuzungulira nacho kwa mmodzimmodzi.

"Ili ndi dzino. Asewere, taonani, dzino. Amalume, kodi ameneyu ndi mkazi wa ku Joni? Ali ndi miyendo? A mpingo, valani magalasi."

Onse anayang'ana mwaulemu. Asewere anachigwira mozondotsa kanthawi ndithu, n'kundibwezera.

"Tikuthokoza Mulungu," anatero. "Mankhwala anagwira. Ndi amene anachisonkhanitsa pamalo amodzi kuti adokotala achipeze. Akadapanda kuyamba ndi athu, jakisoni uja bwenzi tikunena zina."

"Mankhwala ake ati?"

"Madala, izi zinatha kalekale," anatero malume. "Alamu anga ndi munthu wolimba mtima. Si amuna onse angachite zimene anachita."

"Wolapa sitimukumbutsa," anatero mkulu wa mpingo. "Kumwamba kunali chimwemwe."

Ndinati mukuyankhula chiyani anthu inu, walapa ndani, ndikufuna chipepeso osati miyambi. Mawu anga anakwera mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Mayi a kunyumba anakoka jekete mpaka batani linaduka. Mpongozi wanga anali atabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka, ndipo ndinati taonani mwamuliritsa mwana wa eni. Apo mwana wanga anaimirira, chinthu chimene sachita ine ndikuyankhula. Anandilanda chithunzi mwaulemu, anachibwezera mu envulopu, anandigwira pamkono n'kupita nane kumsewu kumene amaima akabaza. Titafika poti anthu sangamve, anayang'ana kumbuyo, kenaka anati:

"Bambo, tsiku lija la kungalande ndinavomera. Mchere ndinathira ndi dzanja ili. Mkazi wa ku Joni kulibe, sanakhaleko n'kale lomwe. Anamupeka ndi mpongozi wanu, mpaka mtundu wa diresi lake, amayi anga n'kuwonjezerapo kuti mkaziyo akhale wonenepa kuti apongozi akhulupirire msanga. Inu mukapitiriza kundiyeretsa ndiye kuti ndinanamiza apongozi ndi mpingo womwe, mlandu uyambiranso, ndipo mwanayu akufunika kubwerera ku Lilongwe kukajambulidwa. Chonde bambo, ndisiyeni ndikhale wachigololo."